Tsiku Limene Batani la Apongozi Linayankha

M'mawa uliwonse, asanasambe n'kumaso komwe, a Nambala Teni ankatuluka ndi makiyi m'manja kupita pashedi pomwe pikapu yawo inkagona. Ankayisisita kaye pa boneti ngati munthu wodzutsa mwana, n'kulowa, n'kuliza injini. Ikakhazikika ankatambasula chala n'kudina kabatani ka eyakoni, makina oziziritsa m'galimoto, kenaka ankapendeketsa mutu kudikira kuti pansi pa boneti pamveke kuti tcha! Sipankamveka kanthu.

"Lero ayi," ankatero, n'kuzimitsa injini, n'kupita kukasamba.

Eyakoniyo inali itafa zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, mpongozi wawo asanabwere n'komwe pakhomopo. Iye anapeza mwambo wa batani uli kale, ndipo ankauona tsiku ndi tsiku chifukwa mpopi wotsukira mbale unali pafupi ndi shediyo. Sanafunsepo. Pa zaka zinayi zimene anakhala pabanjapo, mawu onse amene anayankhula kwa apongozi akewo akanakwana m'bokosi la machesi: mwadzuka bwanji, madzi ali kubafa, tiyi wapsa. Akamuyang'ana, iye ankayang'ana zala zake zakuphazi.

Mkuluyu anagwira ntchito ya umakanika zaka makumi atatu pagalaja ya malole. Dzina la Nambala Teni analitengera sipanala yaing'ono imene ankayimanga pachingwe n'kuivala m'khosi, ati chifukwa sipanala ya teni ili ndi miyendo, ukaiyika pansi imapita kokayenda. Anthu onse a pakhomo pake anawapatsa mayina iwowo. Mwana wawo, amene tsopano ankayendetsa pikapuyo kunyamula matabwa ndi simenti za anthu, ankamutchula Phuma. Mdzukulu wawo wamkazi atabadwa wochepa ngati botolo, anamunyamula m'dzanja limodzi n'kunena kuti, "Aka ndi kabawuti. Kachepa, koma kakatayika galimoto yonse siyenda." Dzina linakakamira, ndipo mpongozi uja anasanduka make Kabawuti.

Kabawuti anali ndi mphumu. Fumbi likangomulowa, chifuwa chake chinkalira ngati kamphaka kotsekeredwa m'kabati, nthiti n'kumakoka khungu. Kuchipatala chapafupi anawauza kuti mwanayu akaonedwe ndi dokotala wa zifuwa za ana, amene amabwera kuchipatala chachikulu kamodzi pa miyezi itatu. Ulendo wake ndi wa maola atatu, ndipo theka la njirayo msewu anali ataukumba, magalimoto onse akudutsa m'mbali, m'fumbi lofika m'mawondo.

Anali atayesapo kale kamodzi. Atatsegula mawindo, fumbi la malole linalowa, mwana anayamba kubanika. Atatseka, m'galimoto munasanduka ng'anjo, mwana anafooka, khosi lende. Make Kabawuti ankatsegula, kutseka, kutsegulanso, akulira chamumtima, mpaka Phuma anatembenuza galimoto n'kubwerera. Tsiku la dokotala linapita. Anawapatsa lina, Lachinayi lina la mwezi wotentha kuposa yonse, ndipo namwino anachenjeza kuti mankhwala amene mwanayo akumwa akumuchepera, asaphonyenso.

Tsiku lobwerera lija a Nambala Teni anangoimirira pakhomo la chipinda kumvetsera kupuma kwa mdzukulu wawo. Koma Loweruka lomaliza isanayambe sabata ya dokotala, anatulukira pageti atakumbatira chinthu chokulungidwa m'thumba la simenti. Inali kompuresa, chitsulo chonenepa ngati dzungu, chimene chimapopa gasi kuti eyakoni izizizira. Anaipeza kwa mnzawo wophwasula magalimoto ochita ngozi. Make Kabawuti anaona kuti jeke yawo yaikulu yofiira, imene sankabwereketsa ngakhale kwa m'busa, yasowa pakona ya shedi. Anadziwa kuti yapita kukalipira kompuresayo.

Panali chinanso chimene anali ataona kalekale n'kusunga. Apongozi akewo akamathira tiyi ankaika nsonga ya chala m'kamwa mwa kapu kuti adziwe pamene yadzadza. Masipanala ankawasankha ndi chala chachikulu, osayang'ana nambala. Tsiku lina madzulo anapatsa moni jekete la Phuma lili pachingwe, kenaka anatsokomola ngati palibe chachitika. Pakati pa maso awo panali kamtambo koyera. Phuma, yemwe ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, sanazindikire.

Lolemba pikapu inali ndi katundu wa anthu, choncho ntchito inayamba Lachiwiri. Wamafiriji, bambo wokonza mafiriji amenenso ankathira gasi m'magalimoto, analonjeza kuti abwera Lachitatu masana, osati tsiku lina, chifukwa m'mawa wa Lachinayi anali ndi ulendo.

Mkuluyu anayala thumba pansi, anandanditsa masipanala, n'kuitanitsa thireyi ya mazira yopanda kanthu. Umu ndi mmene ankagwirira ntchito moyo wawo wonse: bawuti iliyonse yochotsa inkalowa m'kadzenje kake, motsatana, kuti pobweza ayambire kumapeto.

"Masula batire kaye, iwe Phuma."

"Ndamasula kale, madala."

"Wamasula ndi pakamwa kapena ndi sipanala?"

Phuma anapita kukamasula.

Anachotsa waya wa kompuresa yakale, anamasula mapaipi ake awiri. Gasi munalibe, anatha kalekale. Mabawuti anayi oigwirizira ku injini anali atadyana ndi dzimbiri, moti yomaliza inatenga ola lathunthu, Phuma atagona pansi akutukwana chamumtima, bambo ake akumuuza kuti bawuti ndi mkazi wa eni, sukakamiza, umapempha. Dzuwa lili pamutu, kompuresa yakale inatuluka, yakuda bii.

"Make Kabawuti!" anaitana mkuluyo. "Kodi botolo lija ankayamwira mwanayu mudakali nalo? Lija la mizere."

Analipeza m'kabati n'kubwera nalo atagwira ndi manja awiri.

"Gwirani pomwepo. Tikhuthule oyilo wa yakaleyi, tione kuchuluka kwake, kuti tithire woyenera mu yatsopano. Muwerenge ndinu nambalayo, ine m'manja muli girizi."

Iye anadziwa kuti si girizi. Ananjuta, anagwira botolo, mkuluyo anazondotsa kompuresa n'kumaizunguza kumutu kwake ndi dzanja. Inkazungulira monyinyirika. Oyilo anatsika pang'onopang'ono, wotuwa ngati madzi a phulusa. Atatha, anawauza mzere umene wafika. Iwo analanda botolo lija, analikweza kumwamba, analiyang'ana nthawi yaitali ngati dokotala.

"Wada ndi ukalamba basi, koma ndi woyera. Chinafa ndi kamphira kokha, gasi n'kuthawa. M'mapaipi mulibe vuto. Phuma, bweretsa yatsopano."

Anamubwezera botolo. Make Kabawuti anaimirira kuti akalitaye, koma atatuluka mumthunzi wa shedi, dzuwa linamenya botolo lija, ndipo anaima. M'oyilomo munkayandama tinthu tonyezimira tambirimbiri, tikuzungulira pang'onopang'ono. Anatidziwa tinthu timeneti. Ndi tomwe timatsala pansi pa beseni munthu akakwecha poto ndi waya. Ndi chitsulo chodyeka.

Za magalimoto sankazidziwa. Mwina oyilo wa eyakoni amakhala choncho. Nanga iye ndani, woti sukulu anailekera panjira, kuti akatsutse munthu amene wakalambira pansi pa malole? Ndipo akanena, ndiye kuti waulula pamaso pa mwana wawo chimene mkuluyo wakhala akubisa. Kumbuyo kwake anamva Phuma akukoka kompuresa yatsopano pathumba. Kenaka m'nyumba Kabawuti anatsokomola kawiri, katsokomole kouma kaja.

Anabwerera m'shedi, ananjutanso, maso ali pansi.

"Bambo." Mawu anatuluka ochepa ngati a udzudzu. "Pepani, ndimafuna kufunsa nawo. Oyilo ameneyu amakhala ndi tonyezimira mwachibadwa?"

"Iwe, kaone mwana uko," anatero Phuma osatembenuka. "Madala anena kale kuti ndi woyera. Mawa n'Lachitatu, tisachedwe ndi mafunso."

"Khala chete, Phuma." Mkuluyo anaika sipanala pansi. "Mwati chiyani, mayi?"

"Muli tonyezimira, bambo. Ngati ta poto akamukwecha."

"Tambiri?"

"Tambiri."

A Nambala Teni anatambasula dzanja, anaviika chala m'botolo, anatikita ndi chala chachikulu. Zala zawo zinali zolimba ngati chidendene, sizikanamva kanthu. Anapukuta pabuluku.

"Phuma, tenga botololo upite nalo padzuwa."

Phuma anapita akung'ung'udza. Atafika padzuwa kung'ung'udza kunatha. "Madala, zoona. Mukuchita kung'anima. Nanga inu simunaone bwanji?"

"Chifukwa sindiona, chitsiru iwe," anatero mkuluyo mosakweza mawu. "Maso anga anapita kutchuthi chaka chatha, mpaka pano sanabwere. Mkazi wako akudziwa. Ndani amandisunthira mpando panjira m'mawa uliwonse? Ukuganiza kuti umayenda wokha?"

Make Kabawuti analakalaka nthaka itang'ambika. Phuma anangoti kukamwa yasa, botolo lili m'manja.

Mkuluyo anafotokoza. Kompuresa yakale sinafe ndi kamphira ayi, inadzidya m'kati, ndipo zinyenyeswa zake zinamwazikira m'mapaipi monse. Akanamanga yatsopano pamenepo, ikanazizira bwinobwino Lachitatu, onse n'kuwomba m'manja, kenaka ikanameza zinyenyeswazo n'kufera panjira, mwina pakati penipeni pa fumbi, mawindo ali otseka.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Ife tikanadya kompuresa. Phuma, chotsa zonse. Mapaipi, kondensa ya kutsogoloyo, zonse zitsukidwe. Ndipo kabotolo kachitsulo kosefa gasi kaja, dulaya, sikatsukidwa. Pafunika katsopano."

"Madala, nthawi ilipo? Wamafiriji ndi mawa masana."

"Ndiye ukuimiranji?"

Kuyambira pamenepo make Kabawuti sanabwererenso kumbale zake. Phuma anachotsa kondensa, yooneka ngati rediyeta yopyapyala, ndi mapaipi onse, mabawuti akudzaza thireyi yachiwiri. Ananyamula zonse pawilibala kupita kwa wamatayala wa pakona, amene anali ndi makina a mpweya. Ankathira mankhwala otsukira kumapeto kwina kwa paipi, n'kupopa mpweya, ndipo kumapeto kwinako make Kabawuti ankatchinga ndi nsalu yoyera. Anali matewera akale a Kabawuti, amene anawasunga atawachapa bwino poyembekeza mng'ono wake.

"Mukuona chiyani, mayi?"

"Kwada, bambo. Tonyezimira tilipo."

"Bwerezani."

Thewera lachiwiri, lachitatu. Wamatayala anayamba kuseka. "A Nambala Teni, mwalemba makanika watsopano? Ameneyu ndiye wa ukhondo, amabwera ndi matewera ake."

"Seka bwino, ameneyu ndi injiniya wamkulu. Ine ndi Phuma ndife manja chabe."

Pa thewera lachisanu ndi chimodzi iye anayang'ana padzuwa, anatembenuza, anayang'ananso. "Tatsala pang'ono pokha, kumphepete."

"Madala, pang'ono si kanthu," anatero Phuma.

"Uzifunsa injiniya. Mayi, tisiye?"

Anthu atatu aamuna ankamuyang'ana. "Tibwereze, bambo."

Thewera lachisanu ndi chitatu linatuluka loyera. Anamanga timapepala ta pulasitiki kukamwa kwa paipi iliyonse kuti fumbi lisalowe, n'kubwerera kunyumba dzuwa likulowa.

Lachitatu Phuma anadzuka ndi nkhuku kukasaka dulaya, atatenga yakale m'thumba kuti akafanizire. Sitolo yoyamba inalibe, yachiwiri inali ndi ya mapaipi otembenukira kwina. Kunyumba mkuluyo ndi mpongozi wawo sanadikire. Iye ankawapatsa timphira tatsopano tozungulira, atatipaka oyilo, akuwauza kuti aka n'kakang'ono, aka n'kapakati, iwo n'kumativeka ndi zala zokha. Anakhuthula oyilo amene anabwera ndi kompuresa yatsopano ija, iye anamuyang'ana padzuwa nthawi yaitali n'kunena kuti ndi woyera ngati uchi. Anayeza watsopano m'botolo lina lotsuka bwino. Ali mkati mogwira ntchito, mkuluyo anayamba kulankhula za malemu akazi awo, mmene ankagonera tulo m'pikapu yomweyi eyakoni ikamazizira, n'kudzuka akukana kuti sanagone. Make Kabawuti anaseka mokweza, kenaka anadzigwira pakamwa.

"Kani mumaseka?" anatero mkuluyo. "Zaka zinayi ndimayesa mwana wanga anakwatira chithunzi."

Phuma anafika thukuta lili kamukamu, dulaya ili m'manja, nthawi yomweyo Wamafiriji akutsitsa mabotolo ake a gasi panjinga yamoto. Anamanga zonse mothamanga koma motsatira thireyi, kuyambira kadzenje komaliza, mpaka mathireyi onse anatsala opanda kanthu. Lamba watsopano wozunguza kompuresa anamukoka, mkuluyo anamudina ndi chala n'kuvomereza.

Wamafiriji analumikiza mapaipi ake a mawotchi awiri oyezera gasi, anayatsa makina okoka mpweya wonse m'kati, kenaka anazimitsa. "Tsopano tidikire theka la ola. Muvi uwu ukangosuntha, ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo gasi wanga sindithira m'dengu."

"Mayi, khalani apa muuyang'ane," anatero mkuluyo. "Awiriwa akhoza kundinamiza."

Anakhala pandowa yozondotsa, Kabawuti ali pamiyendo, maso ali pa kamuvi kofiira. Sanaphethire mokwanira. Theka la ola litakwana anati, "Sunasunthe, bambo."

Gasi analowa. Wamafiriji anauza Phuma kuti alize injini, koma mkuluyo anali atakhala kale pampando wa dalaivala. Analiza. Anadikira kuti ikhazikike, monga mwa masiku onse. Anatambasula chala, anadina batani, anapendeketsa mutu.

Tcha!

Injini inatsika mawu pang'ono ngati munthu wosenza katundu, n'kupitiriza. Mkuluyo anakhala choncho, mutu uli chopendekera. Patapita kanthawi anaika chikhatho pa kazenera ka mphepo.

"Lero inde," anatero, ndipo anatembenukira kumbali kukapukuta kumaso ndi kolala.

Madzulo amenewo make Kabawuti anapukuta m'galimoto monse ndi nsalu yonyowa, mpaka m'timazenera ta mphepo, pogwiritsa ntchito mswachi wakale. Lachinayi ananyamuka kutacha. Mkuluyo anatsala, atawaonetsa batani lina loti mphepo izingozungulira m'kati, yakunja isalowe. Atafika pokumbidwa paja, lole inawadutsa ndipo fumbi linaphimba galasi lonse ngati bulangeti lofiira. Make Kabawuti anaika khutu pamsana pa mwana wake. Munali zii, mpweya ukulowa ndi kutuluka. Lole yachiwiri, yachitatu. Kunja anthu oyenda pansi anali atafunda nsalu kumaso. Kenaka Kabawuti anadzuka n'kudandaula.

"Amama, kumapazi kukuzizira."

Phuma anaseka mpaka chiwongolero chinagwedezeka. Mayiyo anavula juzi n'kumukulunga mapazi, misozi ikugwera pajuzipo.

Dokotala anamuona mwanayo, anamusinthira mankhwala, anawapatsa kopopera mkamwa n'kuwaphunzitsa kagwiritsidwe kake. Pobwerera anapeza mkuluyo atakhala pampando pageti, pomwe anawasiya m'mawa. Sanafunse za msewu. Anakoka mdzukulu wawo, anaika khutu pachifuwa pake monga ankachitira ndi injini za malole.

"Iyi ikuyenda bwino," anatero. "Ifika patali."

Patapita miyezi iwiri, pikapu yomweyo inawatengera iwonso kuchipatala chachikulu chija, chifukwa make Kabawuti anali atafunsa namwino za kamtambo ka m'maso, ndipo anamuuza kuti ndi ng'ala, imachotsedwa. Mkuluyo anakana masabata atatu. Anavomera mpongozi wawo atawauza, maso ali pansi, kuti akufuna adzaone Kabawuti atavala yunifolomu. Atawachotsa ng'alayo, diso limodzi linatseguka. Atafika kunyumba chinthu choyamba kuitanitsa linali botolo la oyilo lija, limene mpongozi wawo sanalitaye. Analikweza padzuwa, analigwedeza.

"Mayo ine," anatero. "Nyenyezi zonsezi, ine n'kumati ndi woyera."

Yunifolomu anaiona. Anakhala zaka zina zitatu, akudina batani m'mawa uliwonse, tsopano Kabawuti atakhala pambali pawo kudikira tcha kuti anene limodzi kuti lero inde. Kenaka mtima unayamba kufooka, miyendo inatupa, masitepe awiri a pakhonde anasanduka phiri. Anawasamutsira m'chipinda choyang'anana ndi shedi. Sipanala ya teni inali idakali m'khosi.

M'mawa wina, Phuma asanatenge galimoto, make Kabawuti analowa ndi tiyi. Mkuluyo sanamwe. Anamukodola kuti ayandikire, chifukwa mawu anali atachepa, n'kumuika makiyi m'manja.

"Mayi, nditsegulireni zenerali. Mupite mukalize ndinu, Phuma amafulumira. Muidikire ikhazikike kaye, kenaka mudine batani lija. Ndikufuna ndiimve."